Mphasa ya Munthu Wamoyo

Alfonsi Tembo anayedzamitsa njinga yake pa mtengo wa mango, navula chipewa asanafike n'komwe pakhonde la nyumba ya ansembe. Bambo Gayetano anali pampando wawo wansalu, bulangete lili m'miyendo ngakhale dzuwa la Okutobala linali kuswa mtengo. Anali ataonda kwambiri moti malaya awo ankaoneka ngati obwereka.

"Aphunzitsi, mwabweranso chimanjamanja," anatero wansembeyo atayankha moni.

Alfonsi anakhala pa sitepe nayamba kufotokoza za chilala. Chaka chimenecho, cha 1992, mvula inadula chimanga chikungomasula, ndipo midzi yonse yozungulira Chipata inkadya ufa wachikasu wachithandizo. Iye anati dambo la kumunsi kwa mishoni lachita ming'alu yoti phazi la munthu n'kulowa. Anati ng'ombe zadya mlulu wonse, udzu wosokera mphasa uja, mpaka pansi, ndipo ngakhale achule asamuka. Zonsezi zinali zoona, koma sichinali chifukwa chake chenicheni, ndipo onse awiri ankadziwa.

"Poyamba inali singano yosowa. Kenako unali msana. Lero ndi ng'ombe," anatero Bambo Gayetano akuwerenga ndi zala zawo zowonda. "Munthu amene anandiphunzitsa Chinyanja ndiye akundinamiza m'Chinyanja chomwecho. Nanga tchimo limeneli mukalapa kwa yani, poti wansembe wake ndine ndemwe?"

Alfonsi anaseka pang'ono, maso ali pa chipewa chimene ankachitembenuza m'manja.

Panali patapita masabata atatu chibwerere Bambo Gayetano kuchipatala m'tauni. Madokotala anali atanena mosabisa kuti nthenda ya m'mimba mwawo yapitirira mankhwala, ndipo akuluakulu awo analamula kuti abwerere kwawo ku Italy, kumene kunali mlongo wawo wowasamala. Tsiku lomwe anamva zimenezi anaitanitsa Alfonsi, amene anali katekisiti wawo kwa zaka makumi atatu komanso katswiri wosoka mphasa m'dera lonselo. Anamupempha mphasa imodzi. Anati isakhale ya bango, ikhale ya mlulu. Ananenanso poyera ntchito yake. Iwo anali ataika m'manda anthu ambiri osauka okulungidwa m'mphasa, ndipo ankadziwa kuti kwawo adzawaika m'bokosi lonyezimira ngati kabati ya m'sitolo. Bokosilo sakanalikana, koma ankafuna kuti pansi pake padzayalidwe mphasa ya kuno, msana wawo udzagone pa mlulu.

Za mluluwo Alfonsi sanadabwe nazo. M'chaka cha 1961, wansembeyo ali mnyamata wamtali wa ndevu zakuda, wosadziwa ngakhale kuyankha moni, awiriwa ankayenda madzulo m'mbali mwa dambo. Mlendo ankaloza chinthu, Alfonsi n'kutchula dzina lake, mlendo n'kulemba m'kabuku. Tsiku lina mlendoyo anaima, nalowa m'matope ndi nsapato zomwe, nazula udzu wobiriwira, wowongoka, wopanda masamba. Anaununkhiza nthawi yaitali. Alfonsi atanena kuti umenewo ndi mlulu, wansembeyo anafotokoza, theka ndi pakamwa theka ndi manja, kuti kwawo kuli udzu wotero ndipo amautcha giunco. Mayi ake ankaluka nawo tinsengwa tokhetsera madzi m'tchizi cha mkaka wa nkhosa, ndipo nyumba yawo yonse inkanunkhira udzu umenewo. Anati m'Chilatini cha pa Misa dzina lake ndi juncus, kholo la dzina la kwawolo, pamene Angerezi amati rush, dzina la mtundu wina lopanda ubale ndi awiri enawo. Anawalemba onse anayi mondondozana, la Chinyanja pamwamba.

Alfonsi ankalephera kuwatchula bwino. Ankati junko, yunkusi ndi rashi, ndipo ankawaseka azungu kuti atha mayina atatu pa udzu umodzi ngati mwana wobadwira kuchikamwini. Patapita zaka, wansembeyo anavomera kuti anthu a mabuku amati mlulu ndi udzu wa kwawo uja si chinthu chimodzi kwenikweni, ndi pachisuweni chabe. Koma anati mphuno yake sinawerengepo mabuku amenewo.

"Mayina anayi ndili nawo, Aphunzitsi," anatero Bambo Gayetano pakhonde paja. "Mphasa ndiyo ndilibe."

Alfonsi asanayankhe, panatulukira Bambo Fulansisi Zulu, wansembe wachinyamata amene anali atalandira parishiyo. Anapereka moni mwaulemu, kenako ananena kuti kalata yafika. Galimoto yopita ku Lusaka idzanyamuka Lachinayi m'mamawa, ndipo ndege idzauluka tsiku lotsatira. Tsiku limene ankamva zimenezi linali Lachisanu. Alfonsi anawerenga chamumtima napeza masiku asanu ndi limodzi. Anatsanzika msanga, akunamizira kuti mbuzi zili panja.

Njira yonse yobwerera sanakwere njinga, ankangoikankha. Makolo amati za maliro sakonzera munthu akupuma. Manda sakumbiratu, nsalu saguliratu, mphasa sasokeratu, chifukwa kutero n'kuilozera imfa khomo. Alfonsi anali ataphunzitsa akhristu kwa zaka zambiri kuti moyo uli m'manja mwa Mulungu, osati m'singano ya munthu. Pakamwa pake pankakhulupirira zimenezo. Koma manja ake ankakumbukira zina.

M'chaka cha 1974 mwana wake woyamba, Emma, anadwala chikuku ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Alfonsi anali atayamba kale kusoka mphasa mwanayo asanagone, ndipo poona kuti kukhala manja lende kukumuwonjezera nkhawa, anapitiriza. Anaimaliza Lachiwiri. Lachinayi anakulungamo mwana wake. Pobwera kumanda, apongozi ake aakazi anamufunsa pamaso pa anthu kuti anasokeranji mphasa mwana ali chigonere. Chiyambire tsiku limenelo, m'mudzi mukakhala wodwala wodziwika, singano yake inkakhala kudenga mpaka munthuyo atachira kapena ataikidwa.

Anapeza mkazi wake Magalita atakhala mumthunzi wa nkhokwe yopanda kanthu, akusankha nsawa za mbewu m'lichero. Zinali zochepa, zambiri zofota, koma ankazitola imodziimodzi ngati mikanda. Alfonsi anakhala pa mtondo wogwetsa namuuza za Lachinayi.

"Ndiye muyamba liti?" anafunsa Magalita osadzutsa mutu.

Alfonsi anati dambo lauma.

"Zimenezo kauzeni azungu, Bambo a Emma. Ine ndakhala nanu zaka makumi atatu ndi zisanu."

Dzina limenelo sanasiye kumuitana nalo, ngakhale anabereka ana ena anayi pambuyo pake. Kenako Alfonsi ananena zimene sanauzepo munthu, ngakhale polapa. Anati akagwira singano ija n'kuyamba mphasa ya Bambo Gayetano, ndiye kuti wavomera. Anati mzere uliwonse udzakhala ngati akuwakankhira kudzenje ndi dzanja lake, monga anachitira ndi mwana. Bola wansembeyo apite akumudandaula kusiyana n'kuti afere pakati pa ntchito ya manja ake.

Magalita anaika lichero pansi napukuta manja pa chitenje.

"Amayi anga anayankhula ndi chisoni, si nzeru ayi. Chaka chija chikuku chinatenga ana asanu ndi mmodzi m'mudzi muno. Kodi onsewo atate awo ankasoka mphasa?" Anasendeza lichero pambali. "Ana enawo anapita m'zisanza za mphasa zobwereka, zina zonunkha mikodzo. Wanga anapita m'yatsopano, yosoka atate wake, yopanda ngakhale banga. Pa zonse za tsiku lija, chimenecho chokha ndi chimene ndimatha kuchikumbukira mtima osandipweteka."

Alfonsi anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. Anamufunsa chifukwa chake sananene zimenezi zaka zonsezi. Magalita anayankha kuti mwamuna wakeyo sanafunsepo, ndipo munthu sungamutule katundu amene akukana kuti wasenza. Anatolanso lichero lake.

"Bambo aja akupita, musoke musasoke. Chatsala n'chakuti apite ndi chiyani. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu."

Loweruka kusanatenthe, Alfonsi anamangirira chikwakwa ndi zingwe pa kaliyala napalasa kulowera ku Mwami. Ankadziwa kadambo kena kufupi ndi malire, patsinde pa phiri, kamene kasupe wake sankaphwa. Ankakadziwa masabata atatu onsewa. Anadutsa mzere wa malole oyembekezera kuwoloka, madalaivala atagona pansi pa magalimoto awo kuthawa dzuwa, amayi a malonda akutsitsa mitolo pamutu. Anapatuka kanjira ka kumanzere natsetsereka.

Mwini dimba la pamenepo, mkulu wina dzina lake Whiteson, anali kuthirira repu ndi chitini. Atamva pempho, anati mlulu si mbewu yake, anaubzala ndi Mulungu, amwete mmene angathere bola asaponde mabedi. Alfonsi anavula nsapato nalowa. Matope anali ozizira, ndipo mapazi ake, amene anali atazolowera fumbi lotentha kwa miyezi isanu ndi iwiri, anachita ngati akumwa. Anasankha mlulu wokhwima, wautali wofika pachifuwa, nausiya wanthete. Pomweta mtolo woyamba dzanja linkachedwa. Pofika mtolo wachiwiri linali litakumbukira ntchito yake.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, njinga yosaoneka ndi mitolo. Anayanika mluluwo pabwalo, ndipo kutentha kumene anthu ankakutemberera chaka chonse kunamugwirira ntchito. Pofika Lolemba madzulo udzu unali utasanduka wotuwa mofiirira, wofewa koma wosathyoka. Magalita anali atapota kale chingwe cha khonje pantchafu pake, osauzidwa. Alfonsi anatsitsa singano kudenga. Inali yaitali, yosulidwa kuchokera ku sipoko ya njinga, ndipo inali itachita dzimbiri. Anaikwecha ndi mchenga mpaka inawala.

Lachiwiri m'mawa anakhala pansi pa mtengo wa mthethe nayamba. Ankabaya mlulu umodziumodzi pakati, kuulowetsa m'singano mpaka itadzaza, kenako n'kukoka chingwe n'kuukanikiza ndi chala chachikulu kuti pasatsale mpata. Ntchito imeneyi safulumira nayo. Ukakoka kwambiri udzu umang'ambika, ukalekerera mphasa imachita mano.

Dailes, mkazi wa mng'ono wake, anaima panjira ndi ndowa pamutu.

"Alamu, mphasa nyengo ino? Anthu akugulitsa mbale kuti adye, inu mukuti agula mphasa?"

Alfonsi akanatha kunena kuti ndi ya m'nyumba. Bodzalo linafika mpaka pamilomo.

"Ndi ya Bambo Gayetano," anatero. "Yoti akagonepo ulendo wotsiriza."

Dailes anagwira pakamwa, madzi natayikira paphewa.

"Munthu akupuma, alamu?"

"Akupuma. Ndi eni ake apempha."

Mayiyo anachoka osatsanzika. Pofika masana mudzi wonse unali utamva. Amayi opita kuchitsime anayamba kulambalala kuseri kwa khola, ndipo mkulu wina wa mpingo anabwera kudzakhala naye kanthawi, nayankhula za mvula ndi za mtengo wa feteleza, maso ali pa singano, kenako anapita osanena chimene anadzera. Alfonsi sanawaimbe mlandu. Iye mwini khutu lake linali kumishoni. Njinga iliyonse yodutsa mwaliwiro inkamuimitsa mtima, poganiza kuti ndi mthenga.

Lachitatu, ali pa mzere wachisanu ndi chiwiri, belu la tchalitchi linalira. Singano inagwa m'manja mwake. Anakhala chouma, akuwerenga kulira kwake, kudikira kuti amve ngati likulira mwapang'onopang'ono monga amaliimbira pa maliro. Linalira katatu, n'kupuma, katatu, n'kupuma. Magalita anasuzumira pakhomo la khitchini.

"Ndi la pemphero la masana, la Mngelo wa Ambuye, Bambo a Emma. Mwaliimba nokha zaka makumi atatu, lero mwaliiwala?"

Alfonsi anayang'ana mthunzi wake, naona kuti uli pansi pa mapazi. Anali masana enieni. Anaseka mpaka misozi inatuluka, ndipo misoziyo itayamba sinafune kusiya msanga. Magalita anabwerera m'khitchini kuti amupatse mpata. Atapukuta m'maso anatola singano napitiriza. Dzuwa lisanalowe anamanga mfundo yomaliza, nadula m'mbali ndi mpeni kuti mulingane.

Lachinayi anafika kumishoni mthunzi ukadali wautali. Galimoto inali itaima kale pabwalo, masutikesi awiri ali kumbuyo. Anthu anali atadzaza pansi pa mitengo ya mango, amayi a mpingo atavala zofanana, ena atanyamula nkhuku ndi mazira zimene aliyense ankadziwa kuti sizikwera ndege. Ataona Alfonsi akubwera ndi mphasa yopindidwa paphewa, phokoso linazilala. Anthu anapatuka kumupatsa njira, ena akuyang'ana kumbali.

Bambo Gayetano anali pakhonde atavala jekete lakuda limene linkawalendewera. Anatambasula manja, Alfonsi nagwada n'kuwapatsa. Wansembeyo anaika nkhope yake pa mphasayo napuma mozama, kawiri, katatu.

"Yalani," anatero.

Alfonsi anayang'ana Bambo Fulansisi, amene anayang'ana wotchi yake. Ulendo wa ku Lusaka unali wa tsiku lathunthu, ndipo msewu unali ndi maenje. Koma wodwalayo anali atayamba kale kudzuka pampando, choncho anamugwira uku ndi uku. Alfonsi anayala mphasa pasimenti, ndipo fungo la dambo linadzaza khonde lonse. Anawatsitsa pang'onopang'ono mpaka anagona chagada, manja pachifuwa. Mayi wina m'gulu muja anayamba kusisima, mnzake namugwira pamkono.

Kumapazi kunatsala malo aakulu, pafupifupi mkono wathunthu.

"Aphunzitsi, mwasokera anthu awiri? Kapena mukufuna tipitire limodzi?"

"Ndinayesa Bambo amene ndinkayenda nawo kudambo," anayankha Alfonsi. "Sindinadziwe kuti mwabweza msinkhu wina kwa mwini wake."

Wansembeyo anaseka, chifuwa chikugwedezeka, ndipo anthu amene anali pafupi anaseka nawo mwamantha. Kenako anasisita mphasayo ndi chikhato, kutsata mizere ya chingwe, nanena kuti ndi yosalala ngati tinsengwa ta mayi ake. Anatseka maso.

Sanawatsegule. Dzanja lija linaleka kuyenda. Mawu a apongozi a Alfonsi, amene anali atagona m'manda zaka khumi, anamveka m'khutu mwake ngati anenedwa dzulo. Anagwada pafupi. Pabwalo ponse panali zii, moti nkhuku imodzi itakupiza mapiko anthu anadzidzimuka. Anayang'anitsitsa batani lachiwiri la jekete lija.

Batanilo linakwera. Linatsika. Linakweranso. Kenako m'mphuno zazitali zija munatuluka mkonono waung'ono, wosalala, ngati wa mwana amene wakhuta.

Bambo Fulansisi anawerama nanong'oneza Alfonsi kuti chibwerere kuchipatala munthuyu sanagonepo tulo toposa mphindi zochepa. Ululu unkamudzutsa pabedi lililonse, ngakhale atasanjikiza matiresi awiri. Dalaivala anali atatsegula chitseko cha galimoto, dzanja lili pa hutala. Wansembe wachinyamatayo anamukodola kuti asaimbe. Anayang'ananso wotchi yake, kenako anaivula n'kuiika m'thumba, nakhala pansi pa sitepe.

Anthu nawonso anayamba kukhala, mmodzimmodzi, pa mizu ya mango ndi pa zitenje zawo. Alfonsi anasendera kumapazi, nakhala pa malo otsala a mphasa ija. Akulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Awa anali atakhala zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo dzuwa linali litayamba kukwera khonde, sitepe imodzi, kenako yachiwiri. Alfonsi anatenga chipewa chake nayamba kuingitsa ntchentche zotera pa mnzake, pang'onopang'ono, kuti mphepo yake isamudzutse.